Musanapange fotokope buku la mwini: zoyenera kudziwa aphunzitsi athu kuno ku Johannesburg

Pakati pa sabata ndimagwira ntchito pa shopu yosindikiza mapepala m'tauni, Loweruka ndimaphunzitsa Chichewa ana a Amalawi anzathu mu holo ya tchalitchi ku Rosettenville. Ndine amene ndimadina batani pa makina, ndinenso amene ndimasowa mabuku. Ana obadwira kuno ambiri Chichewa amachimva koma kuwerenga kumawavuta, ndipo mabuku a kumudzi amafika limodzilimodzi m'chikwama cha munthu amene wabwera pa basi. Mtima ndiye umathamangira ku makina a fotokope. Pali pomwe lamulo limakulolani kutero, palinso pomwe muyenera kuyamba mwagogoda kwa mwini.

Choyamba, dziwani mwiniyo. Kuseri kwa tsamba lomwe pali mutu wa buku kumakhala timalemba ting'onoting'ono tomwe ambirife sitiwerenga: chizindikiro cha ©, chaka, dzina, ndi adiresi ya osindikiza. Dzina limenelo nthawi zina si la wolemba, chifukwa wolemba amatha kupereka umwini wake ku kampani. Mabuku ambiri a ku pulayimale a kumudzi ndi a Malawi Institute of Education ya ku Domasi. Chizindikiro chija chikapanda kuoneka musasangalale. Kuno ku South Africa umwini umayamba pomwe munthu wamaliza kulemba kapena kujambula, safunika kukalembetsa kulikonse. Musanenenso kuti buku ndi la ku Malawi ndiye malamulo a kuno sakulikhudza. Maiko awiriwa onse ali mu pangano la Berne, lomwe maiko amatetezerana nalo ntchito za olemba, kotero ndakatulo yolembedwa ku Zomba ndi yotetezedwa ku Yeoville chimodzimodzi.

Lamulo la umwini wa zolemba lomwe likugwira ntchito kuno ndi Copyright Act nambala 98 ya 1978. Gawo 12 limalola munthu kukopera pang'ono pofuna kuwerenga payekha kapena kufufuza, limalola kubwereza mawu a wina polemba zanu, ndipo limalola kugwiritsa ntchito chidutswa cha ntchito ya wina ngati chitsanzo pophunzitsa. Koma pobwereza mawu ndi popereka chitsanzo pali zinthu ziwiri zosadumpha: mutenge zokwanira pa phunzirolo basi, ndipo mutchule kumene mwazitenga ndi dzina la wolemba ngati lilipo. Ine pansi pa pepala lililonse lopita kwa ana ndimalembapo ndi cholembera mzere umodzi, wolemba, mutu wa buku, osindikiza, chaka ndi tsamba, ndisanaliike pa galasi la makina. Likatuluka, makope onse ali kale ndi mzerewo.

Za makope ambiri ogawira kalasi zili m'malamulo aang'ono omwe adatuluka mu 1978 momwemo pansi pa gawo 13, ndipo apa ndi pamene aphunzitsi ambiri amagwa. Mwana mmodzi, kope imodzi. Pa teremu imodzi, kalasi imodzi, mungatenge kwa wolemba mmodzi ndakatulo yaifupi imodzi, kapena nkhani imodzi, kapena chimangirizo chimodzi, apo ayi zidutswa ziwiri. M'buku losonkhanitsa olemba ambiri musapyole zitatu. Kugawa makope kotereku kusapitirire maulendo 9 pa phunziro limodzi pa teremu. Ndiye pali zoletsedwa kotheratu. Simungakopere mabuku omwe mwana amayenera kulembamo, aja okhala ndi mipata ya mayankho, chifukwa amenewo adapangidwa kuti aliyense agule lake. Simungasonkhanitse zidutswa za m'mabuku osiyanasiyana n'kuzimanga kukhala buku lanulanu. Simungabwereze kukopera chinthu chomwecho teremu ndi teremu. Ndipo fotokope isalowe m'malo mwa kugula buku. Kalasi yathu ndi ya Loweruka chabe, koma ine ndimayendera malire omwewa, chifukwa ndi amene ndingawaloze wina atandifunsa.

Tsiku lina kudabwera mayi wina ku shopu atanyamula buku la Sitandade 3 lothothoka chikuto, msana wake womata ndi selotepi, m'makona mwake muli mafuta a nsomba.

"Achimwene, mundipangireko makope 40, lonse, mumangenso ndi waya uja wozungulira. Makolo asonkha kale."

"Amayi, lonse sindingathe. Phunziro la Loweruka lino lili pa tsamba liti?"

Adatsegula pa kankhani ka masamba awiri. Timeneto ndidapanga, 40, dzina la mwini lili pansi. Sadakondwe, ndipo ndikuwamvetsa: ana alipo, buku ndi limodzi, kumudzi ndi kutali. Komatu buku lonse, lomangidwa, makolo atalipira, kumeneko ndi kusindikiza ndi kugulitsa katundu wa eni. Gawo 27 limati wopezeka wolakwa koyamba pa malonda a makope oterewa angalipe chindapusa chofika R5000 kapena kukhala kundende mpaka zaka 3, ndipo chilangocho chimawerengedwa pa kope iliyonse. Enafe tili m'dziko la eni ndi mapepala omwe timachita kukonzetsa, sitingafune dzina lathu ku khoti chifukwa cha buku la Sitandade 3. Ndalama zomwe makolo asonkha ndi bwino kutumiza kwa wachibale ku Blantyre kapena ku Lilongwe agule mabuku enieni, abwere ndi amatransipota.

Mumva anthu akunena kuti lamulo limalola 10 peresenti ya buku lililonse. M'lamulo la 1978 nambala imeneyo mulibe. Imachokera m'ziphaso zomwe masukulu aukachenjede amalipira ku DALRO, bungwe lopereka ziphaso zokopera m'malo mwa eni mabuku. Amene sadalipire asaidalire.

Kujambula masamba ndi foni n'kuponya pa gulu la WhatsApp la makolo ndi kukopera ndithu, ndipo n'koipirapo, chifukwa pepala limathera m'chikwama cha mwana pomwe PDF mawa lake ili ku Durban. Zithunzi zopezeka pa Google nazonso zili ndi eni ake. Ngati nkhani ili pa tsamba la mwini pa intaneti, tumizani linki, aliyense akawerenge komweko.

Kumasulira ndi msampha wina womwe umagwira ife a Chichewa kwambiri. Mwaona kankhani kokoma ka Chingerezi kapena Chizulu m'buku la mwana wanu, mwakamasulira usiku wonse, mukuona ngati tsopano ndi kanu. Thukuta ndi lanu, koma lamulo limaika kumasulira m'gulu la zinthu zomwe mwini yekha ndiye angaloleze. Musanasindikize, pemphani.

Kupemphako si kovuta monga anthu amaopera. Lemberani osindikiza pa adiresi ili kuseri kwa tsamba lija, kapena DALRO, bungwe lomwe lili konkuno ku Johannesburg ndipo lakhala likupereka ziphaso za zolembalemba, zojambula ndi masewero kuyambira 1967. Za kumudzi, yambani ndi osindikiza kapena COSOMA ku Lilongwe, yomwe imayendetsa nkhanizi pansi pa lamulo la ku Malawi la 2016. M'kalatamo nenani mutu wa buku, wolemba, masamba enieni, makope angati, ana a zaka zingati, mugulitsa kapena mugawa ulere, papepala kapena pa foni, kwa nthawi yaitali bwanji. Kalata yonena kuti "tikufuna kugwiritsa ntchito buku lanu" imangokhala osayankhidwa, chifukwa woilandira sadziwa chomwe akuvomera. Lembani teremu isanayambe. Kukhala chete kwa mwini si chilolezo. Akayankha, sungani yankholo. Ngakhale wolemba ndi mnzanu wa kwaya, "palibe vuto, m'bale wanga" wa pakamwa amaiwalika buku likayamba kuyenda malonda, ndiye mupempheni alembe. Ndipo ngati akukupatsiranitu umwini, gawo 22 limafuna kuti zilembedwe, iye asaine.

Kunena zoona, ine masiku ano sindipemphapempha, chifukwa zaulere zilipo zambiri. African Storybook, ntchito ya bungwe la Saide la konkuno, ili ndi timabuku ta ana m'zilankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa chili momwemo. Book Dash ya ku Cape Town imatulutsanso timabuku ta zithunzi zokongola. Siyavula ili ndi mabuku a masamu ndi sayansi. Zambiri mwa izi zili ndi chiphaso cha Creative Commons, chomwe mwini amaneneratu nacho zomwe aliyense angachite ndi ntchito yake, ndipo timalemba take ndi tosavuta kuwerenga. BY ndiye kuti chitani nazo zomwe mukufuna, ngakhale kumasulira ndi kugulitsa, bola mutchule eni. NC, musachite nazo malonda. ND, musasinthe kanthu, kotero musamasulire n'kugawa. SA, zomwe mwapanga muzitulutse ndi chiphaso chomwecho. Onani pa buku lililonse palokha, musangoganizira. Kabuku ka BY ndimakamasulira, ndimasintha dzina la mwana wa m'nkhani kukhala Chikondi kapena Mphatso, n'kusiya maina a wolemba ndi wojambula pamalo pake, langa pansi ngati womasulira.

Ntchito zakale nazo zimamasuka. Zolemba, nyimbo ndi zojambula pamanja zimatetezedwa moyo wonse wa mwini ndi zaka 50 kuchokera kumapeto kwa chaka chomwe wamwalira. Wolemba amene adatisiya mu 1970, ntchito zomwe adatulutsa ali moyo zidamasuka pa 1 Januwale 2021. Chenjerani pokha kuti buku lakale likasindikizidwa mwatsopano, kayalidwe ka masamba, zithunzi zatsopano ndi mawu oyamba zimakhala ndi eni ake. Tayipani nokha mawu akalewo. Malamulo a boma, zigamulo za makhoti ndi zolankhula za ndale zilibe chitetezo chotere, gwiritsani ntchito.

Nthano za Kalulu ndi Fisi zomwe mudamva kwa agogo, zilembeni m'mawu anu. Zomwe wina adalemba kale m'buku, kalembedweko ndi kake. Mukafuna kukagulitsa buku la nthano kumudzi, funsani kaye COSOMA, poti lamulo la ku Malawi limaika zachikhalidwe m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse.

Pa chikondwerero chotsekera chaka, pomwe pali zokuzira mawu ndi matikiti pakhomo, funsani eni holo ngati ali ndi chiphaso cha SAMRO, oyang'anira umwini wa nyimbo, omwe ali ku Braamfontein. Sewero lolembedwa ndi wina, chilolezo chake pitaninso ku DALRO kapena kwa wolembayo.

Muli ndi mwana wosaona m'kalasi? Mu Seputembala 2022 Constitutional Court, khoti lalikulu koposa kuno, idagamula mlandu wa Blind SA, bungwe la anthu osaona, kuti lamulo la 1978 likulakwira anthu osaona, ndipo kuchokera pamenepo buku lingasinthidwe kukhala la Braille kapena la malemba akuluakulu popanda kudikira mwini. Kusintha kwina komwe mumamva pa nyuzi, kofuna kumasula zambiri pa maphunziro, kuli mu bilu yosintha lamulo la 1978 yomwe Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2024 koma Pulezidenti Cyril Ramaphosa adaitumiza ku khoti lomwelo chaka chomwecho. Musanayendere zomwe zili mu biluyo, tsimikizani kaye kuti yasainidwa ndipo yayamba kugwira ntchito.

Mukalemba kabuku kanu ngati gulu la aphunzitsi, gwirizanani msanga kuti mwini ndani, tchalitchi, komiti kapena olembawo, mulembe papepala limodzi aliyense asainepo. Amene adalembedwa ntchito pa sukulu adziwe kuti zomwe walemba monga mbali ya ntchito yake, lamulo limazipereka kwa womulemba ntchitoyo pokhapokha atagwirizana zina. Ndakatulo ya mwana ndi ya mwanayo, kotero musanaiike m'kabukuko, kapena chithunzi chake, tumizani kakalata kwa makolo ake asaine.