Kasewerede ka Pit, gemu ya makhadi yoyenda nayo paulendo

Pit ndi gemu yakale ndithu, inatuluka mu 1904 ku America, koma mpaka pano imakomabe ndipo kabokosi kake kamakwana mthumba bwinobwino, palibenso bolodi ayi.

Mukufunika anthu atatu mpaka 8. Makhadi ake ndi a katundu ngati tirigu, chimanga, khofi, shuga, mtundu uliwonse makhadi 9. Mukakhala anthu asanu tengani mitundu isanu basi, sakanizani, aliyense alandire 9.

Ndiye apa ndi pamene pamakoma, palibe zodikirana kuti ndani ayambe, nonse mumayamba limodzi kukuwa nambala, "awiri! awiri!" uku mutagwira makhadi awiri ofanana chozondotsa kuti mnzanu asaone, wina amene akufunanso awiri mumasinthana pompo osadziwa kuti akukupatsani chani. Musapitirire anayi pakamodzi ndipo asakhale osakaniza. Woyamba kukwanitsa 9 a mtundu umodzi amaliza belu nkutenga mapointi, tirigu ndi 100, chimanga 75, wofika 500 ndiye wawina.

Ine langizo langa, musakakamire tirigu. Mukaona khadi lomwelo likungobwerera kwa inu, palibe akulifuna, sonkhanitsani limenelo msanga. Muli m'basi? Siyani belu, ingowombani mmanja.