Injini ya GDI ikamanjenjemera galimoto ili chiimire

Galimoto ikamanjenjemera injini ikulira pang'onopang'ono, koma pamsewu n'kumayenda bwinobwino, musafulumire kugula pampu ya petulo. Yambani mwakayikira mainjekita, tizipangizo topopera petulo mu injini.

Mu injini ya GDI (gasoline direct injection) petulo amalowa m'silinda mwachindunji, pa mphamvu yofika 200 bar, zatsopano mpaka 350. Akamafunika wochepa, injekita imatseguka kanthawi kosafika milisekondi 1, singano yake n'kubwerera isanakwere n'komwe mpaka pamwamba. Apo ndiye kamwaye kakang'ono kukamwa kwa injekita kamasokoneza muyezo wonse. Mukaponda kwambiri, kusiyanako kumabisika.

Lumikizani sikana, kachipangizo kowerenga mavuto m'kompyuta ya galimoto, muone silinda yomwe ikuphonya. Sinthanitsani kaye koilo ndi pulagi za silindayo ndi za silinda ina, n'zosavuta. Vuto likakakamira pomwepo, ikhoza kukhala injekita.

Pomanga yatsopano, ijambuleni ndi foni musanailowetse. Zina, monga za BMW N54, zili ndi manambala pathupi pake ofunika kulowetsedwa m'kompyuta ya galimoto, ndipo mukamanga amavuta kuwaona. Popanda manambalawo kompyuta imayeza petulo ngati ikadali ndi yakale ija. Kasilo ka teflon kakunsonga ikani katsopano, kakale kamatayitsa mpweya.