Kaphikidwe ka shirataki m'malo mwa sipageti

Mwafunsa chomwe mungadye m'malo mwa sipageti poti tirigu sakuyanjani komanso mukuchepetsa sitachi. Yesani shirataki. Ndi chakudya cha ku Japan chooneka ngati tizingwe toyera, chopangidwa ndi muzu wa chomera chotchedwa konjac. Mulibe gluten, chinthu chopezeka mu tirigu chomwe ena sichiwayanja, ndipo pafupifupi 97 peresenti yake ndi madzi okhaokha.

Choyamba, tsegulani paketi n'kukhetsa madzi ake onse. Kafungo kangati ka nsomba kasakudetseni nkhawa, sikuti waonongeka ayi. Tsukani pasefa ndi madzi ozizira kwa mphindi 2. Kenako wiritsani mphindi 3 n'kutsanula madziwo.

Tsopano apa ndiye pagona nkhani. Thirani mufelempani yotentha koma yopanda mafuta, muzitakasa mpaka madzi onse aphwe, mwina mphindi 5 kapena kuposerapo. Musathamange. Mukadumpha gawo limeneli, shirataki amakhala woterera, msuzi sumugwira, ndipo anthu ambiri amamusiyira pomwepa n'kumati ndi woipa, chonsecho vuto linali kaphikidwe.

Akauma, thirani mumsuzi womwe mwaphika kale, muwiritsire limodzi mphindi 2. Payekha alibe kukoma kulikonse, ndiye msuziwo ukhale wokolera bwino: tomato, anyezi, adyo, nkhuku kapena nyama yogaya.

Tsiku loyamba idyani pang'ono ndipo mutafune bwino, chifukwa ena amawatupitsa mimba. Ngati mumamwa mankhwala a shuga, yambani mwafunsa dokotala.

Shirataki akasowa m'sitolo, dulani kabichi mopyapyala motalika, mufutse mphindi 3, muthire msuzi womwewo.