Momwe mungakonzere gitala ya magetsi kuti izilira ngati blues yakale

Oimba ambiri akafuna mawu a blues yakale amathamangira kugula pedal, kabokosi kopondedwa ndi phazi kosintha mawu a gitala. Pedal ikafika, gitala imalirabe mopyapyala, nsambo zikugunda ma fret (tizitsulo topingasa pa khosi la gitala), mawu akuzimirira msanga. Vuto limakhala pa gitala penipenipo: kupindika kwa khosi, kutalikirana kwa nsambo ndi ma fret, komanso pamene pakhala ma pickup, maginito otola mawu a nsambo. Muzikonze motsatana monga zilili m'munsimu, chifukwa mukakhudza chimodzi chinzake chimasunthanso.

Mufunika tuner (kachipangizo kochunira), capo (kopanira nsambo zonse pa fret imodzi), rula yachitsulo ya mamilimita, sikuludiraiva yaing'ono, ma Allen key ndi feeler gauge, ija amakanika amayezera mpata wa mapulagi a galimoto. Pa ma Allen key samalani. Gitala zambiri zopangidwa ku Asia, monga ma Squier, zimafuna a mamilimita, pomwe Fender ya ku America imafuna a mainchi. Kiyi wolakwika amadya mutu wa nati, ndiye ntchito imathera pomwepo.

Yambani ndi nsambo zatsopano. Paketi yolembedwa kuti pure nickel imapereka mawu ofunda, osabaya khutu, kusiyana ndi nickel-plated steel imene imapezeka kwambiri. Saizi ya .010 mpaka .046 (kunenepa kwa nsambo m'mainchi) ndi poyambira pabwino. Anthu amakonda kutchula Stevie Ray Vaughan, woimba blues wa ku America, amene ankaimbira nsambo zonenepa zoyambira pa .013, koma amaiwala kuti iye ankatsitsa gitala yonse kufika pa E flat kuti nsambozo zifewe. B.B. King, katswiri winanso wa blues, ankaimbira zopepukirapo, ndipo palibe anadandaula kuti mawu ake ndi operewera. Ngati zala zikukanika kukankha nsambo kufika pa noti yofunika, saiziyo yakukulirani.

Mukamanga nsambo ndi kuchuna, yezani khosi. Ikani capo pa fret yoyamba, dinani nsambo yonenepa ya E pa fret yomaliza, kenaka lowetsani feeler gauge pakati pa nsambo ndi fret ya 8. Mpata ukhale mamilimita 0.25, kapena 0.3 pa makosi ozungulira kwambiri achikale a radius ya mainchi 7.25. Ukachuluka, mangani truss rod, chitsulo cha m'kati mwa khosi, potembenuzira nati yake kumanja. Ukachepa, masulirani kumanzere. Tembenuzani pang'ono chabe, osapitirira kota ya mzungulo, chunaninso, dikirani thabwa likhazikike musanayezenso. Nati ikalimba osafuna kuyenda, isiyeni mupite nayo kwa wodziwa. Truss rod ikaduka, khosi lonse latha.

Tsopano kukwera kwa nsambo, kumene oimba amati action. Apa ndi pamene blues imasiyana ndi zoimba zothamanga. Muyezo wa Fender ndi mamilimita 1.6 pa fret ya 17, koma wa blues akweze pang'ono, pafupifupi 2 ku nsambo zonenepa ndi 1.8 ku zowonda. Nsambo yokwera imakhala ndi malo ogwedezekera, choncho mungaimenye mwamphamvu osamva kukhuluza, ndipo chala chimalowa bwino pansi pa nsambo yoyandikana nayo pochita bend, kukankha nsambo kuti noti ikwere. Yesani motere: pa fret ya 15 ya nsambo yowonda ya E, kankhani m'mwamba mpaka noti ikwere ndi ma fret awiri. Mawu akafa pakati pa njira, nsambo yakhudza fret yakutsogolo, kwezani pang'ono saddle yake, kachitsulo ka pa bridge (pomangirira nsambo pa thupi la gitala) kamene nsamboyo imatsamirapo. Makosi a 7.25 ndiwo amavuta kwambiri pa zimenezi. Woimba ndi slide, kachubu kovala kuchala kotsetsereka pa nsambo, akwezenso kuposa apa.

Intonation, kulondola kwa noti pa ma fret onse, ndi yachidule. Chunani nsambo, idineni pa fret ya 12, muone tuner. Noti ikakwera kupitirira poyenera, bwezerani saddle kumbuyo kutali ndi khosi. Ikatsika, ibweretseni kutsogolo.

Ma pickup ndiwo ambiri amalakwitsa, poganiza kuti akayandikira nsambo mawu amakoma. Mawuwo amakweradi, koma amauma. Pa gitala ya Fender Stratocaster maginito ali mu zitsulo zija zoyang'ana nsambo, ndipo akayandikira kwambiri amakoka nsambo. Mudzamva noti za nsambo yonenepa zikunjenjemera ngati pali noti ziwiri zikukangana, makamaka kupitirira fret ya 12, ndipo singano ya tuner siikhazikika. Dinani nsambo pa fret yomaliza, yezani kuchokera pamwamba pa chitsulo cha pickup kufika pansi pa nsambo. Pa ma single coil achikale (ma pickup a koyilo imodzi, monga a Stratocaster) yambirani pa mamilimita 2.4 mbali ya nsambo zonenepa ndi 2 mbali ya zowonda. Kuchokera apo tsitsani ndi theka la mzungulo wa sikuluu, imbani, mvetserani, tsitsaninso. Mudzafika pamene noti ikukhalitsa ndipo kumenya mofewa kukusiyana bwino ndi kumenya mwamphamvu. Imani pamenepo. Pickup ya kukhosi izikhala yotsikirapo kuposa ya ku bridge, chifukwa nsambo imagwedezeka kwambiri chakumeneko. Ma humbucker, ma pickup a makoyilo awiri amene Gibson inayamba kuika pa Les Paul mu 1957, sakoka nsambo kwenikweni, koma akakwera kwambiri mawu amakhala matope.

Ku amp (chokuzira mawu), chepetsani gain, batani lokalipitsa mawu, kwezani volume mpaka mawu ayambe kukalipa pang'ono mukamenya mwamphamvu. Kenaka bwezani volume ya pa gitala ifike pa 6 kapena 7, tone cha pa 7. Poimba solo ndi pamene mutsegule mpaka 10. Akale analibe mulu wa ma pedal, ankasewera ndi timabatani timeneti. Kung'ung'udza kwa single coil n'kwachibadwa, kumachokera ku magetsi a 50 Hz. Kukanyanya, yang'anani ngati soketi ili ndi waya wa earth, ndipo talikirani ndi machubu a magetsi. Amp yogulidwa ku America ndi ya 120 V, musailumikize ku magetsi athu a 230 V popanda transformer.

Kwa okhala ku Mzuzu, nyengo nayo ili ndi zake. Mvula imakhalitsa, ndipo chifunga cha mu June ndi July chimasiya chinyezi paliponse. Thabwa limamwa chinyezicho, khosi limasuntha, nsambo ndi timasikuluu ta saddle timachita dzimbiri msanga. Pukutani nsambo ndi kansalu kouma mukamaliza kuimba, sungani gitala m'chikwama chake muli timapaketi ta silica gel, osaitsamiritsa kukhoma lozizira. Mukatsikira nayo kotentha ku Nkhata Bay kapena ku Karonga, isiyeni m'chikwama kwa theka la ola musanachune. Mpata wa pa fret ya 8 muziuyezanso mvula ikamayamba komanso ikatha.