Kuphunzira acupuncture pa digiri yachiwiri: poyambira muli ku Lusaka

Musanafunefune sukulu ya acupuncture (kuchiza pobaya singano zopyapyala pa malo osankhidwa a thupi), yang'anani kaye digiri yomwe muli nayo. Mayunivesite a ku China monga Beijing University of Chinese Medicine ndi ina ya ku Nanjing kawirikawiri amafuna kuti wofunsira digiri yachiwiri akhale ataphunzira kale zachipatala. Ngati munamaliza udokotala ku University of Zambia (UNZA), maphunzirowa amatenga zaka zitatu. Ngati munachita zina, mudzayambira pa digiri yoyamba ya zaka zisanu.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi chilankhulo. Odwala a m'chipatala cha sukulu amalankhula Chitchaina, ndipo aphunzitsi amatchula malo obaya ndi mayina ake enieni: Hegu, Zusanli, Sanyinjiao. Yambirani ku Confucius Institute pa UNZA, mulembe mayeso a Chitchaina otchedwa HSK mpaka gawo 4, ngakhale kuti 5 ndiye yabwino. Maphunziro a m'Chingerezi alipo, koma wosamva Chitchaina amangoima kumbuyo kwa dokotala, osafunsa wodwala ngakhale funso limodzi.

Za ndalama, tsatirani zolengeza za HELSB (bungwe la boma loona za ngongole ndi thandizo la maphunziro apamwamba) ndi ofesi ya kazembe wa China pa thandizo la Chinese Government Scholarship. Konzani masatifiketi otsimikizidwa, makalata awiri a aphunzitsi okuchitirani umboni, ndondomeko ya zomwe mukufuna kuphunzira, ndi fomu yopimitsa thupi. Fomuyi imagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi yokha, choncho musapimitse msanga. Musanalipire kanthu, funsani ku ZAQA (bungwe lotsimikizira masatifiketi a maphunziro) ndi ku Health Professions Council of Zambia mmene digiriyo adzaitengere mukadzabwerera.

Posankha sukulu, funso lalikulu ndi ili: kodi mudzabaya odwala enieni maola angati, dokotala akuyang'anira? Kuloweza malo 361 amene bungwe la WHO linawaika pa mndandanda ndi ntchito ya m'buku, koma dzanja limaphunzira pa thupi. Malowa amayezedwa ndi cun, ndipo cun imodzi ndi kupingasa kwa chala chachikulu cha wodwalayo, osati chanu. Ophunzira atsopano amaphonya apa akakumana ndi mwana kapena munthu wamtali. Singano wamba ndi yopyapyala, pafupifupi mamilimita 0.25, ndipo imakhala m'thupi mphindi 15 mpaka 30.

Ngozi zake muziphunzire mwakhama kuposa china chilichonse. Singano ikalowa mozama pachifuwa, paphewa kapena kumtunda kwa msana ikhoza kuboola phapo, mpweya n'kudzaza m'chifuwa, munthu n'kuyamba kubanika. N'chifukwa chake m'malo amenewa amabaya mopendekeka komanso mosazamitsa. Singano imagwira ntchito kamodzi n'kutayidwa m'bokosi la zakuthwa, chifukwa yobwereza imafalitsa HIV ndi hepatitis B. Mayi woyembekezera sabayidwa pa Hegu ndi Sanyinjiao. Pa mankhwala azitsamba, samalani ndi zomera za mtundu wa Aristolochia, zomwe zimawononga impso, ndipo nthawi zonse funsani wodwala ngati akumwa ma ARV kapena warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana) musanamupatse chilichonse chakumwa.