Momwe mungafunsire malo ku sukulu ya unamwino kuno ku Lusaka, ndi choti muchite dzina lanu likasowa pa mndandanda

Chikalata choitanira ophunzira ku sukulu ya unamwino sichinena zambiri: makirediti asanu a Giredi 12, mwa iwo Chingerezi, Masamu ndi Sayansi kapena Bayoloje. Ambiri akawerenga zimenezi amatenga satifiketi yawo, n'kuona ma 5 ndi ma 6 ali ndandanda, mtima n'kukhala pansi kuti malo apezeka kale. Ayi ndithu. Makirediti asanuwo amangochititsa kuti fomu yanu iwerengedwe. Pa tebulo lomwelo pali mafomu a anzanu a ku Matero, ku Chawama, ku Kitwe ndi ku Chipata amene ali ndi ma 1 ndi ma 2, ndipo malo ophunzirira m'mawodi sawonjezeka chifukwa choti ofunsira achuluka.

Ndipo achulukadi. Mu 2022 boma linalemba ntchito anthu azaumoyo 11,276 nthawi imodzi, ndipo kuyambira pamenepo makolo ambiri amaona unesi ngati khomo lolowera ntchito ya boma. Dziwani kuti aliponso manesi amene anamaliza maphunziro koma akugwira ntchito yongodzipereka m'zipatala podikira kulembedwa. Sindikunena izi kuti mugwe mphwayi, koma kuti musankhe mukudziwa.

Yambani ndi satifiketi yanu

Ku Examinations Council of Zambia, ECZ mwachidule, 1 ndi 2 ndiye pamwamba penipeni, 3 ndi 4 n'kukhoza bwino, 5 ndi 6 ndi kirediti. 7 ndi 8 ndi kupasa chabe, ndipo ku unamwino sawerengera. Choncho ngati muli ndi 7 ku Masamu, ngakhale mutakhala ndi 1 ku Chinyanja ndi ku Civic Education, ndalama ya fomu musataye. Pitani mukalembetse GCE, mayeso a ECZ obwerezera maphunziro a Giredi 12, mukonze phunziro limenelo. Mayeso a GCE amalembedwa chapakati pa chaka koma kulembetsa kumatsekedwa kukadali miyezi ingapo, ndiye amene amadikira kuti aone kaye zotsatira za ku koleji nthawi zambiri amapeza atatseka. Ngati makirediti anu achokera m'mayeso awiri, a Giredi 12 ndi a GCE, funsani sukulu iliyonse payokha mmene imafunira kuti muwaperekere.

Amene munalemba MSCE ku Malawi kapena mayeso ena akunja, pepala lanu liyenera kuyamba launikidwa ndi Zambia Qualifications Authority. Zimenezi sizitheka tsiku limodzi, yambani msanga.

Sukuluyo ndi yovomerezeka?

Apa mpamene mabanja amaluza ndalama zambiri, ndiye tiimepo pang'ono. Amene amayang'anira maphunziro ndi ntchito ya manesi ndi azamba m'dziko muno ndi bungwe la Nursing and Midwifery Council of Zambia, kapena kuti NMCZ. Achikulire amalidziwa ndi dzina lakale la General Nursing Council, lomwe linasintha ndi lamulo la 2019. Bungweli ndi limene limavomereza sukulu, limalembetsa wophunzira aliyense n'kumupatsa nambala ya index, limalembetsa mayeso opezera chilolezo, n'kupereka chilolezo chogwirira ntchito. Sukulu ikakhala kuti NMCZ siinaivomereze, mutha kuvala yunifolomu yoyera zaka zitatu, kujambulitsa zithunzi, kuchita phwando, koma chipatala sichidzakulembani ntchito.

Musakhutire ndi chikwangwani cha pa geti kapena tsamba la Facebook lokhala ndi zithunzi za atsikana ovala tizipewa. Onani mndandanda wa NMCZ kapena pitani nokha ku ofesi yawo mukafunse. Ndipo funso likhale la pulogalamu yeniyeniyo, osati dzina la sukulu lokha, chifukwa sukulu itha kuvomerezedwa kuphunzitsa unamwino koma osati uzamba. Ikakhala yunivesite, onaninso ngati inalembetsedwa ku Higher Education Authority. Mukafika pa sukulupo afunseni kuti ophunzira awo amakachitira kuti maphunziro a m'wodi. Yankho likakhala lozungulirazungulira, nyamukani.

Musaponye fomu malo amodzi

Dipuloma ya unamwino ndi ya zaka 3, digiri imatenga nthawi yoposerapo. Kuno ku Lusaka aliyense maso ali pa Lusaka College of Nursing and Midwifery ya ku chipatala chachikulu cha University Teaching Hospital (UTH), pa Levy Mwanawasa Medical University ya mu Great East Road, ndi pa sukulu ya unamwino ya University of Zambia (UNZA) ku Ridgeway. Ziliponso zoima pazokha monga Lusaka Apex Medical University, koma fizi yake ndi ina. Chifukwa choti aliyense akufuna kuphunzira akugona kunyumba, mpikisano wa mu tauni muno ndi woopsa.

Ine ndimadabwa ndi anthu amene kwawo ndi ku Katete koma safuna kumva za sukulu ya unamwino ya pa chipatala cha St Francis, kapena ya ku Mwami, kapena ya ku Chipata. Kufupi konkuno, mu msewu wopita kum'mawa, kuli ya St Luke's ku Mpanshya, ndipo kum'mwera kuli Chikankata. Chilolezo chimene nesi wa ku Mwami amalandira ku NMCZ n'chimodzimodzi ndi cha nesi wa ku UTH. Ngati thumba likulola, funsirani ku sukulu zitatu kapena zinayi, zina za mu Lusaka zina za kunja. Sukulu zambiri zimalandira ophunzira kawiri pa chaka, mu Januwale ndi mu Julayi, koma tsiku lotsekera mafomu limasiyana, choncho lembani masikuwo pa pepala mumate pakhoma.

Mapepala

Mufunika fomu, kope la satifiketi kapena la zotsatira za Giredi 12, kope la NRC (chitupa cha unzika), tizithunzi ta pasipoti, ndi umboni woti mwalipira ndalama ya fomu. Makope akhale odindidwa ndi Commissioner for Oaths, ndipo sukulu zambiri zimafunanso kuti zotsatira zitsimikiziridwe ndi ECZ.

Tsopano ikani NRC ndi satifiketi pamodzi pa tebulo, muwerenge dzina chilembo ndi chilembo. Kwina kwalembedwa Tisungane Mercy Phiri, kwina Mercy T. Phiri, kwina tsiku lobadwa lasiyana chifukwa amene anakulembetsani Giredi 1 anali ambuya ndipo anangoyerekeza. Kanthu kotere kamaoneka kachabechabe koma kamadzavuta pa nthawi ya index. Konzeranitu ndi kalata yolumbira musanapereke fomu.

Ndalama lipirani ku akaunti ya sukulu imene yalembedwa pa chikalata, ndipo kapepala ka ku banki kajambuleni pa foni pomwepo, chifukwa inki yake siichedwa kufufutika kakakhala m'thumba. Nambala ya foni imene mwalemba pa fomu ikhale yanu, yogwira ntchito, osati ya bwenzi kapena ya SIM imene mumaika pokhapokha kukabwera bonasi. Ena amataya malo chifukwa uthenga woitanira unapita ku foni yozima.

Mayeso olowera ndi intavyu

Sukulu zambiri zimaitana amene asankhidwa koyamba kudzalemba mayeso aafupi, kenako kudzaonekera pamaso pa aphunzitsi. Bwerezani Bayoloje ya thupi la munthu, masamu a magawo ndi maperesenti, kusintha magalamu kupita ku mamiligalamu, ndi kuwerenga Chingerezi momvetsa. Masamu amenewa sakuwafunsa pofuna kukuzunzani. Nesi amawerengera mankhwala a mwana potengera kulemera kwake, ndipo kadontho kakakhala pamalo polakwika, ngozi yake ndi ya moyo.

Pa intavyu funso loti n'chifukwa chiyani mukufuna unamwino silisowa. Aliyense amayankha kuti ndimakonda kuthandiza anthu, ndipo pofika masana ofunsawo amakhala atatopa nalo yankho limeneli. Nenani chinthu chimene munachiona ndi maso. Ngati munagonapo pa benchi ku Kanyama Level One mukudwazika amayi anu, fotokozani zimene nesi wa usiku ankachita, mmene ankatembenuzira wodwala amene sangathe kudzuka, mmene ankalembera kutentha kwa thupi pa tchati. Dziwaninso nkhani zaumoyo za dziko lino. Munthu wa mu Lusaka amene sangafotokoze mmene kolera imafalira, pamene mu Januwale 2024 bwalo la Heroes Stadium linasanduka chipatala cha odwala kolera, amaonetsa kuti za umoyo sazitsata. Valani zooneka bwino, zikhadabo zikhale zodula, satifiketi yeniyeni ndi NRC zikhale m'manja, ndipo nyamukani m'mamawa chifukwa minibasi ya mu Great East Road nthawi ya m'mawa siilonjeza kanthu.

Za anthu ogulitsa malo ndinene mwachidule. Wina akakuimbirani kuti ali ndi munthu mkati, mungotumiza kenakake pa Airtel Money kapena MTN, dulani foni. Nambala yanu anaitola pa ndemanga imene munalemba pa Facebook kuti nanenso ndafunsira. Kalata yeniyeni imachokera ku sukulu, ndipo mutha kukaitsimikizira ku ofesi yolandira ophunzira.

Zotsatira zikatuluka

Dzina likapezeka, sangalalani, kenako werengani kalatayo mpaka pansi: tsiku lomaliza kuvomera malo, fizi ya temu yoyamba, kuyezetsa thupi ku chipatala, yunifolomu, nsapato, wotchi yokhala ndi muvi wa masekondi, malo ogona. Mukayamba maphunziro tsatirani nkhani ya index mpaka nambala yanu mutaiona ndi maso. Amene mwalowa digiri ku UNZA, funsani za ngongole ya Higher Education Loans and Scholarships Board nthawi isanathe. Ndipo ngati akutengani malo awiri, auzeni enawo msanga kuti simubwera, pali mnzanu amene akudikira malowo.

Nanga dzina likasowa? Mwatsitsa mndandanda pa foni, mwafika pa zilembo za dzina lanu, mwabwereranso pamwamba, mwakulitsa ndi zala, mulibe. Pa gulu la WhatsApp la anzanu a ku sekondale zithunzi za makalata zayamba kugwa. Kuwawa kumeneko n'kwenikweni, ndipo palibe chifukwa chonamizira kuti simukumva kanthu. Lirani ngati misozi ikubwera. Gululo lizimitseni kaye masiku angapo, palibe amene angakuimbeni mlandu. Uzani apabanja tsiku lomwelo, chifukwa kubisa kumachititsa kuti funso lililonse la amayi loti "Nanga ku sukulu kuja ayankha?" likhale ngati munga.

Chimene ndikupemphani kwambiri n'chakuti m'sabata imeneyi musalipire ndalama kulikonse. Ndi nthawi imene manyazi amalamulira, ndipo eni timakoleji tosavomerezeka amadziwa bwino zimenezi. Amakuimbirani okha, amati malo alipo, intavyu palibe, bwerani Lolemba ndi theka la fizi. Atate amagulitsa ng'ombe kumudzi kapena amayi amatenga ndalama ya chilimba, n'cholinga choti aneba aone mwana atavala zoyera. Kukanidwa kumakutayitsani miyezi yochepa, koma sukulu yolakwika imadya zaka ndi chuma cha banja lonse. Sukulu zoima pazokha zabwino zilipo, koma yabwino siiopa kuti mupite kaye ku NMCZ mukafunse.

Mtima ukatsika, fufuzani pamene zinakanikira. Ngati simunaitanidwe n'komwe ku mayeso olowera, vuto lili pa magiredi kapena pa mapepala. Pitani ku ofesi yolandira ophunzira, mupereke moni mwaulemu, mufunse ngati fomu yanu inali yokwanira komanso ngati pali mndandanda wa odikira, poti ena amene atengedwa sabwera chifukwa cha fizi. Akakuuzani kuti ndi magiredi, kutumizanso fomu yomweyo ulendo wotsatira n'kutaya ndalama. Sankhani phunziro limodzi kapena awiri, makamaka Masamu ndi Sayansi, muwabwereze pa GCE ndi mphamvu zonse. Ngati munafika pa intavyu koma n'kugwa, magiredi anu ali bwino. Chofunika n'kuyeserera kulankhula, ndipo pezani nesi wa ku tchalitchi kwanu kapena wa m'dera lanu akufunseni mafunso mopanda chisoni.

Ganiziraninso ngati chimene mukufuna ndi unesi weniweni kapena ntchito ya m'chipatala. Ku Levy Mwanawasa amaphunzitsa ma clinical officer ndi azaumoyo wa m'madera, ku Evelyn Hone College kuli maphunziro a zamankhwala, a zojambula za X-ray ndi a zolimbitsa ziwalo. Ntchito zimenezi zimayang'aniridwa ndi Health Professions Council of Zambia, ndiye kuvomerezeka kwake mukafunse kumeneko. Nakonso mpikisano ulipo, musapite poganiza kuti n'kophweka.

Inu makolo, amalume ndi azakhali, mawu oti "mwana wa uje watengedwa, iwe unkatani?" sakonza giredi ngakhale imodzi. Mufunseni mwanayo chimene akufuna kuchita, mumuthandize ndalama ya GCE ngati ilipo, mumupatse chochita pa kantemba kapena pa nyumba kuti asamangogona. Mukaona kuti padutsa masabata sakudya, sakugona, wadzitsekera m'chipinda, kapena wayamba kunena kuti kuli bwino kufa, musati ndi matama a ana amasiku ano. Mankhwala ndi zinthu zoopsa zichotseni pafupi, musamusiye yekha, ndipo pitani naye tsiku lomwelo ku kiliniki yapafupi kapena ku chipatala cha Chainama Hills akaonane ndi aphungu.