Kanema wa pabalaza ndi kompyuta yakaunjika, mawu ake omveka bwino

Chimene chimandiwawa ine nchakuti ambirife timalimbana kugula TV yayikulu, mainchesi 50 kaya 55, kenako mawu n'kumadalira timasipika tamkati mwa TV momwemo tomwe tinalozanso kukhoma. Ndiye mvula ikangoyamba kumenya malata basi mwatsala kuonera zithunzi, zomwe akulankhula simukumvanso. Ndalama zambiri musaponye pa kompyuta yoonetsera mafilimu pa TV amwene, kompyuta yakale ikwanira, ndalamazo zipite ku masipika.

Tiyambe ndi kompyutayo. Sakani tija tating'onoting'ono tamuofesi, Dell OptiPlex Micro, HP EliteDesk Mini kapena Lenovo ThinkCentre Tiny, tokwana pansi pa TV ngati dikoda. Tatchipa chifukwa Microsoft inasiya kusamala Windows 10 mu Okutobala 2025, pomwe Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita mtsogolo, ndiye makampani akunja akutaya za m'badwo wa 6 ndi 7 zambirimbiri koma zilibe vuto lililonse. M'badwo mumaudziwa poyang'ana nambala yoyamba pambuyo pa kamzere m'dzina la purosesa, i5-7500T ndi wa 7, i5-6500T ndi wa 6. Ngati mungathe tengani wa 7 chifukwa umasewera mafilimu a 4K a mtundu wa fayilo wa HEVC 10-bit wosatuluka thukuta, wa 6 pa 1080p uli bho. T yakumapetoyo ikutanthauza kuti siidya magetsi ambiri, ma watt 35 okha, nkhani yabwino kwa ife ogula mayunitsi komanso a sola.

Musanapereke ndalama muuzeni wogulitsayo ayiyatse pamaso panu, mulowe mu BIOS, ma settings aja amene mumalowamo Windows isanayake, muone ngati mulibe password, chifukwa zina zimabwera zokhoma kuchokera kumaofesi komwe zinachokera ndipo mudzavutika nazo. Yang'ananinso kumbuyo. Zambiri zilibe HDMI, zili ndi DisplayPort, musadandaule, kachingwe kosinthira DisplayPort kupita ku HDMI kamanyamula chithunzi ndi mawu omwe. VGA yokha ndiye ayi, siinyamula mawu. RAM ya 4GB yakwana. Mukafika nayo kunyumba itseguleni mupemerere fumbi, fani yodzadza fumbi imalira ngati chigayo pakati pa filimu.

Windows ine ndimaichotseratu nkuikamo LibreELEC, yaulere, ntchito yake ndi imodzi basi yoyendetsa pulogalamu yoonera mafilimu yotchedwa Kodi. Mumaitenga pa intaneti, kusankha ya Generic, kuiika pa flash ndi kapulogalamu kawo ka USB-SD Creator, kenako kuyatsa kompyuta mukudina F12 ngati ndi Dell kapena Lenovo, F9 ngati ndi HP, kuti musankhe kuyatsira pa flash ija. Dziwani kuti imafufuta zonse za pa disk, zithunzi za ukwati muyambe mwasamutsa. Ikatha, ikamayaka imangofikira pa Kodi, palibe zoti update kaye dikirani. Mafilimu anu, ma DVD akale amene munawakopera, mavidiyo a kwaya ndi a chinkhoswe ikani pa hard drive yakunja, bundle isamathere zomwe muli nazo kale. Mu settings za Kodi yatsani Adjust display refresh rate, mafilimu ambiri ndi a mafelemu 24 pa sekondi ndiye chithunzi chimasiya kudodomadodoma. Rimoti musagule, foni yanu ya Android ndi app ya Kore zatha, bola zonse zikhale pa wifi imodzi ndipo mwalola remote control mu Kodi.

Tsopano kumawu, kuno ndi komwe anthu amapusitsidwa. Mukaona bokosi lalembedwa 5000W PMPO, timasipika tisanu tapulasitiki topepuka ngati kapu ndi magetsi othwanimathwanima, pitirirani. Nambala yoona ndi RMS, ndipo pabalaza pathu ma watt 20 kapena 30 enieni mbali iliyonse afika poti aneba abwere kudzagogoda. Masipika awiri abwino amaposa asanu achabechabe, izi ndiye sindisintha maganizo. Sakani a wailesi zakale zija za hi-fi, mabokosi athabwa olemera, Sony, Pioneer, Kenwood, Technics, nthawi zambiri wailesi inafa kalekale koma masipika ali moyo. Kankhani pepala la sipika pang'onopang'ono ndi zala, likamakhula mkati ndiye kuti koyilo inapsa, muonenso mphira wam'mbali ngati sunafumbutuke. Kumbuyo kumalembedwa ma ohm, 6 kapena 8 ndi abwino.

Ampu yake, chokuzira mawu opita ku masipika, kabokosi kakang'ono ka class D kokhala ndi chip ya TPA3116 kamakwana, kamalandira magetsi a DC kuyambira 12 mpaka 24 volts, kutanthauza kuti chaja yakale ya laputopu ya 19 volts ikhoza kukayendetsa, batire la sola nalonso. Mukapeza AV receiver, ampu yayikulu yoyendetsa masipika ambiri, yakale ya Yamaha, Denon kapena Onkyo ndi bwinonso chifukwa mudzatha kuwonjezera sipika yapakati mtsogolo, koma werengani kumbuyo kaye! Za ku Japan ndi za 100 volts, za ku America 120, ife kuno ndi 230, mukangolumikiza popanda transformer mumva fungo. Zochokera ku UK zilibe vuto, ndi pulagi yomwe ndi yofanana ndi yathu.

Polumikiza mawaya, yofiira ku yofiira, yakuda ku yakuda, mbali zonse ziwiri. Mukasemphanitsa imodzi palibe chipse koma bass imasowa, mawu nkumamveka ngati akuchokera kumbali kosadziwika, ndipo ndaonapo munthu akufuna kugula subwoofer, sipika ya bass yokhayokha, pomwe vuto linali waya mmodzi.

Poyika masipikawo ndi pomwe mumapindula osalipira kanthu. Asakhale pansi, asakhalenso pamwamba pa kabati pafupi ndi denga. Kasipika kakang'ono kamawu opyapyala kalingane ndi makutu anu mutakhala pampando, mtunda wapakati pa masipika awiriwo ufanane ndi mtunda wochoka pa sipika kufika pomwe mwakhala, ndipo muwapendeketse pang'ono ayang'ane inu. Asagunde khoma, asiyireni mpata ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Nyumba zathu za simenti kapena matailosi zimabweza mawu kwambiri, ndiye yalani kapeti kaya mkeka pakati pa TV ndi mpando, makatani olemera pazenera, mudzadabwa kuti zolankhula zayamba kumveka. Subwoofer ikadzapezeka, iyikeni kaye pampando wanu, muyatse nyimbo ya bass, muzikwawa m'mbali mwa khoma mpaka mupeze pomwe ikumveka bwino, pamenepo ndiye pamalo pake. Ana akusekani koma zimagwira. Crossover, malire a mawu opita ku subwoofer, yambirani pa 80Hz.

Mukamva kulira kwa mmmm mu masipika pamene mwatenga mawu pa jack ya kompyuta, tengani mawuwo ku optical ya TV kudzera pa kabokosi ka DAC kosintha mawu a optical kuti alowe mu ampu, mu TV musankhe PCM apo ayi muzingomva phokoso la tsss. Ndipo zonsezi zidutse pa surge protector kapena fridge guard yomwe ija, magetsi akazima zimitsani pa soketi, mudikire abwere akhazikike kaye kenako muyatse kompyuta, ampu ikhale yomaliza.